Bulangeti la Zigamba Lomwe Ndinasokera Apongozi

Anzanga, inu mukamapita koyamba kwa apongozi mumanyamula chiyani? Shuga, buledi, mwinanso nkhuku ngati mwezi wakukomerani, eti? Amenewo ndiye anthu anzeru. Ine Thoko wa ku Kawale, munthu woti ngakhale kufunsa mtengo wa tomato pamsika ndimayamba ndayeserera kaye mumtima, ndinaganiza zoti ndikhale wosiyana ndi ena. Kusiyanako ndinasiyanadi, moti mpaka lero ku Area 25 kuli nyumba ina yomwe ndikangogwira geti anthu amayamba kuseka ndisanapereke n'komwe moni.

Zinayamba chonchi. Mada, chibwenzi changa, anandiuza kuti amayi ake, a Nambewe, awapanga opaleshoni ya m'mimba, ndipo akapezako mphamvu akufuna andione. Tinali tisanachite chinkhoswe, ndipo Mada sanandibisire kuti amalume ake sangaponde kwathu amayi akewo asanavomere. Kenako, poti amuna salabadira zomwe akunena, anawonjezera kuti amayi ake amakonda kunena kuti atsikana a masiku ano manja awo ndi a foni ndi zikhadabo zomata basi. Iye ankaseka. Ine mawuwo anandikhala pamtima ngati mwala.

Ndiye ndinati ayi, ndiwapangire chinthu ndi manja angawa. Nyengo yozizira inali itayamba, munthu wochira amakhalitsa pabedi, ndipo pafoni ndinali nditaona zithunzi za mabulangeti osokedwa ndi tizidutswa ta nsalu zosiyanasiyana, okongola ngati munda wa maluwa. Ndinati izi n'zophweka. Kudula n'kusoka, kudula n'kusoka, chovuta n'chiyani pamenepa?

Tizidutswato ndinafunika kukatipempha kwa Che Saidi, telala wachikulire wochokera ku Mangochi amene amasokera pakhonde la golosale pafupi ndi msika wathu. Kawiri konse ndinafika pamakina pawo, n'kuwapatsa moni, n'kubwerera osanena chomwe ndadzera. Ulendo wachitatu anaimitsa makina, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wanga, moni wako ndalandira katatu, ndakhuta. Tsopano nena, chang'ambika n'chiyani?"

Nditawafotokozera, sanandiseke. Anakoka thumba lalikulu pansi pa tebulo, lodzaza ndi zotsalira za zitenje, n'kunena kuti nditenge lonse, ndipo kuyambira tsiku limenelo azindiikira padera zokongolazo. Anandipatsanso choko cha telala chatheka ndi singano ziwiri zabwino atazibaya pakapepala kuti zisandilase. Tinthu ngati timeneti sindiiwala.

Koma panali vuto limodzi, ndipo mulimvetse bwino chifukwa ndi limene linandigwetsa. Ine ndimakhala ndi achemwali anga m'nyumba ya zipinda ziwiri, papuloti ya mabanja asanu, ndipo achemwali anga pakamwa sapuma. Akanadziwa kuti ndikusokera apongozi zigamba, puloti yonse ikanadziwa, mpaka pampopi. Choncho ndinkasoka mobisa, masana ndikaweruka kusukulu ya mkaka komwe ndimathandizira, iwo adakali kuntchito. Kuchipinda, chitseko chotseka, pabedi. Kuyala chinthucho panja kuti ndichione chonse? Pamaso pa amayi onse a papulotipo? Bola kufa.

Tsiku lachitatu lenilenilo achemwali anaweruka msanga. Nditamva makiyi ndinadzambatuka kuti ndiponye nsaluyo kunsi kwa bedi, koma nsalu inanyamuka nane limodzi. Mayo ine, ndinali nditaisokerera kusiketi yanga, msoko wabwinobwino kuchokera pabondo mpaka pantchafu! Ndinangokhalanso pabedi n'kudzifunditsa chitenje, n'kunena kuti m'mimba mwandipotokola. Achemwali, ndi pakamwa pawo ponse paja, mtima ali nawo. Anathamanga kukathyola khonje wa mankhwala uja kuseri kwa nyumba, n'kundifinyira m'kapu, n'kuimirira pomwepo mpaka nditamaliza. Kuwawa kwake, anzanga! Ndinamwa ndikuthokoza, siketi ili chisokerere.

Patatha sabata ndinatengera Che Saidi zomwe ndinalumikiza kuti aone. Anazitambasula pamakina, mbali ina yatalika, pakati pafufuma, kumunsi kwapyapyala n'kukhotera kumanzere.

"Awa ndi mapu a Malawi?" anafunsa. "Wachita bwino, Nsanje ndi uyu. Koma munthu akafunda, miyendo ikhala ku Mozambiki."

Ndinafuna kulowa pansi. Iwo anangotenga katoni ya sopo, n'kudulapo kachidutswa kamakona anayi ndi kena kamakona atatu, n'kunena kuti nsalu iliyonse ndiziyamba ndaisita, kenako ndizilemberera ndi choko mozungulira katoniyo ndisanadule. Ndiye anayamba kundiphunzitsa kapangidwe. Nsalu ziwiri zowala osaziika moyandikana, akuti zimakangana ngati akazi apamitala, pakati pawo pamafunika yofatsa yoziletsa. Zamaluwa akuluakulu uzidule zazikulu, zamadontho uzidule zazing'ono. M'mbali monse uzungulize mpendero wa nsalu imodzi yakuda kuti mitundu isabalalike. Ndipo pakati, anatero akugogoda tebulo ndi sizasi, pakati pamafunika chinthu chimodzi chokopa diso, choti munthu akalowa m'chipinda aziyamba kuona chimenecho.

Ndinamasula mapu aja n'kuyambiranso, ndipo ulendo uno zinayamba kuoneka. Ndinapanga nyenyezi zinayi za makona atatu, imodzi pangodya iliyonse, yachikasu ndi yobiriwira. Ndinaganiza zoti mitundu iyambe yowala kumutu n'kumadera pang'onopang'ono kupita kumiyendo, ngati mmene thambo limachitira madzulo. Pakati pa nyenyezizo ndinkaika timizere tatitali ta nsalu imodziimodzi kuti maso azipumirapo. Ndinayamba kudzimva, osanama. Ndinkasoka ndikumwetulira ndekha, ndikuona a Nambewe akusisita bulangeti n'kumati, "Mada, mwana uyu usamutaye."

Tsopano inu mukudziwa zitenje zathu mmene zilili. Si zonse zamaluwa. Zina ndi za kutchalitchi, zina za misonkhano ya chitsitsimutso, zina zimagawidwa ndi a zaumoyo, ndipo zonsezo zimakhala ndi mawu. Telala amasoka zonse, ndiye zotsalira zake zimakumana m'thumba limodzi. Zilembo ndinkaziona, sindikana. Koma ndinkaziona chimodzichimodzi, lero ichi, sabata yamawa icho, china chozondoka, china chopingasa, ndipo maso anga anali pa mitundu. Panali kamzere kachikasu kowala bwino, koyenera kumutu. Panali kena kabuluu ka madontho a madzi, kokongola zedi, kotalika pang'ono moti ndinakadula kumapeto kuti kakwane. Mumtima ndinkati, kodi bulangeti amawerenga? Bulangeti amafunda.

Ndiye tsiku lina ndikuvundukula m'thumba ndinapeza kansalu kapepo, konyezimira pang'ono, kolembedwa ndi zilembo zoyera zikuluzikulu kuti MTENDERE. Ndinatsala pang'ono kulira. Munthu wochoka m'chipatala angafunenso chiyani? Ndinati chokopa diso chija ndi chimenechi, chikhale pakatikati penipeni.

Vuto linali loti kansaluko kanali kakafupi, kumanzere kwake kunatsala mpata. Apa n'kuti lili Lachisanu, ulendo uli mawa lake. Ndinathamangira kwa Che Saidi, n'kupeza apita kumzikiti, koma anali atandisiyira jumbo ya zotsalira kwa mayi wa m'golosale, dzina langa atalilemba ndi choko. Kufika kunyumba, ndinapisa dzanja n'kuona kachidutswa kapepo komweko, kopindidwa, kuseri kuli kunja. Ndinati Mulungu ndi wabwino. Osoka mukudziwa kuti polumikiza nsalu ziwiri umaziyang'anitsa kumaso, iwe n'kumaona kuseri kokha, ndipo nsalu zamwambozi kuseri kwake kumakhala kotuwa, sikuwerengeka. Ndinalumikiza, n'kudulako kena kamakona atatu kotsekera pangodya, komwe kanali ndi chojambula chopindikapindika ngati duwa losatsegula. Kenako mwachangu ndinaika bulangeti langa lakale m'kati kuti lizitentha, shiti yoyera kumbuyo, n'kusoka mozungulira, n'kulitembenuza ngati pilo. Ndikumaliza kutseka kamsoko komaliza, ndinamva achemwali akupereka moni panja. Pindepinde, m'chikwama cha ukonde chachikulu chija, zipi tseke. Bulangeti lonse lotambasula sindinalionepo ngakhale kamodzi.

Loweruka ndinavala diresi langa lalitali ndi chitenje chatsopano, n'kunyamula chikwamacho. Pa depoti kondakitala wa minibasi ya ku 25 anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana katundu.

"Sisi, akuthamangitsani kubanja? Musadandaule, kwerani, ku 25 amuna aliko ambiri!"

Minibasi yonse inaseka, ine ndinangobisa nkhope kuseri kwa chikwama mpaka pa siteji pomwe Mada ankandidikira.

Ine ndinkaganiza kuti ndikapeza a Nambewe okha. Kulowa pabalaza, anthu tho! Amayi a kutchalitchi kwawo asanu ndi mmodzi anali atabwera kudzazonda odwala, atakhala pamkeka ndi pamipando, ndipo pafupi ndi wodwalayo panali azakhali ake a Mada, mphunzitsi wopuma wa kupulayimale, wa mawu omveka mpaka kumsewu. A Nambewe anali pasofa atatsamira mapilo, thupi lochepa, maso akuthwa. Ndinagwada n'kuyamba kupereka moni mmodzimmodzi, mawu akutuluka ngati a mwana wa mphaka. Amayi ena anandisunthira pamkeka n'kundigwira pamkono pang'ono, ngati akuti limba mtima. Ndinawathokoza mumtima.

Nditapereka chikwama ndi manja awiri, ndinkayembekeza kuti achilandira n'kukachiika kuchipinda, monga timachitira. Koma azakhali anali atatsegula kale zipi.

"Iii, zigamba!" anatero. "Mada, ndiye kuti kunyumba kwanu muzikafunda zimenezi? Tiyeni titambasule tione luso la mtsikanayu."

Amayi awiri anaimirira, wina ngodya iyi, wina iyo, n'kulikweza m'mwamba ngati mbendera, kumaso kwake kuloza kwa wodwala. Ine ndinali nditazolika, ndikumvetsera. Poyamba kunamveka "Eee!" ndi "Taonani nyenyezizo!" ndipo mtima wanga unayamba kuvina. Kenako kunangoti zii. Zii weniweni, mpaka ndinamva wailesi ya nyumba yoyandikana.

Azakhali anakonza kukhosi, n'kutenga ambulera yawo, n'kuloza kamzere kachikasu ka kumutu kaja monga ankalozera pabolodi.

"NTHA-WI YA-KWA-NA."

Ambulera inatsika kufika pa kabuluu ka madontho a madzi.

"SA-MBA-NI."

Apa m'pamene ndinakumbukira zomwe ndinadula kumapeto kuja. M'manja ndi sopo! Zinali zosamba m'manja ndi sopo, ine n'kudula manja ndi sopo yemwe, kusiya apongozi anga akulamulidwa kusamba pamaso pa mpingo. Ndinadzutsa mutu kuti ndifotokoze, ndipo ndi pamene ndinaliona bulangeti langa lonse koyamba. Linali lokongola, anzanga, ndisaname. Ndipo pakatikati, pansalu yapepo yonyezimira, zilembo zoyera zitalumikizana bwinobwino ngati sizinadulidwepo, ambulera inafika.

"MU-U-SE MU-MTE-NDE-RE."

Nthawi yakwana. Sambani. Muuse mumtendere. Kwa munthu woti bala la opaleshoni silinapole n'komwe!

Mada anali ataima pakhomo, ndinangomva chitseko chikutsekeka pang'onopang'ono, munthu wathawa. Ine ndinati ndikonze zinthu, ndipo apa m'pamene ndinaonjeza moto.

"Amayi, pepani, ine ndimangofuna kuti mukagona musadzukenso..."

"Ambuye!" anakuwa amayi ena.

"...ndi kuzizira! Musadzukenso ndi kuzizira usiku! Ndinafulumira kusoka poopa kuti mwina simukhalitsa..."

"Mwana iwe!"

"...pabedi! Simukhalitsa pabedi, muchira msanga!"

Bwenzi nditangokhala chete. Amayi ena ovala magalasi anali atayandikira bulangetilo akulipenda, kenako anaomba m'manja kamodzi.

"Dikirani, nsalu yapepoyi ndikuidziwa. Si ija anasindikiza a kwa Gama ku Mgona potsegula chiliza cha bambo awo? Ine ndinaliko, yanga ili m'sutikesi. Inali ndi chithunzi cha malemu pakati." Anasuzumira pangodya paja, pa duwa langa losatsegula lija, n'kubwerera m'mbuyo. "Ili ndi khutu! Khutu la malemu a Gama ili!"

Ndinayang'ana. Linalidi khutu, ndi kamwendo ka magalasi komwe.

Pamenepo ndinadziwa kuti chinkhoswe chatha chisanayambe. Ndinkangowerenga mizere ya mkeka, misozi ili m'maso, ndikuganiza za minibasi yobwerera ndi kondakitala uja. Kenako ndinamva kaphokoso kuchokera pasofa. A Nambewe anali ataphimba nkhope ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Ndinati basi, ndaliza wodwala. Koma atachotsa mpangowo, misozi inalipodi, kungoti inali ya phwete. Dzanja limodzi anagwira pabala, lina akulikupiza m'mwamba.

"Chotsani, chotsani, mundiphulitsa ulusi! Mayo, adokotala anandiletsa kuseka!"

Nyumba yonse inaphulika. Amayi ogwira ngodya aja anakhala pansi ndi bulangeti lomwe, azakhali akumenya ambulera pansi, wa magalasi uja akubwereza kuti, "Khutu, anzanga, khutu!" Ine ndinalibe kolowera.

Phokoso litachepa, a Nambewe anati awapatsire bulangetilo. Analiika pamiyendo, osayang'ananso mawu aja, n'kulitembenuza m'mphepete, n'kumayendetsa chala chachikulu pamsoko pang'onopang'ono. Anakoka apa, n'kukoka apo, msoko osasuntha.

"Wasoka ndi makina?"

"Ayi Amayi, ndi manja."

"Lonseli?"

"Eya Amayi."

"Tabwera, ndione manjawo."

Ndinayenda chogwada n'kuwapatsa. Anayang'ana nsonga za zala zanga, zobayikabayika ngati sefa, n'kuzigwira. Dzanja lawo linali lofunda. Kenako anatembenukira kwa anzawo aja.

"Mwezi wathunthu mwakhala mukundibweretsera shuga ndi mabanzi, mmodzi wa inu anandiseketsapo chonchi?" Ndiye anandiyang'ana ine. "Tamvera, mpongozi wanga. Kusamba ndasamba m'mawa, ufunse azakhali akowa, ndi amene ananditenthetsera madzi. Zinazo bulangeti lako ulipemphe lidikire kaye. Ine sindiusa ndisanavine pachinkhoswe chako."

Mpongozi wanga! Ndinalimva bwinobwino liwulo, ndipo amayi aja analimvanso chifukwa nthungululu zinayamba pomwepo. Mada anatulukira kuchokera komwe anabisala, akumwetulira ngati wathandizapo kanthu. Amayi ake anamuuza kuti Lamulungu akaitane amalume ake, kenako akatenge sizasi achotse khutu la a Gama lokhalo, chifukwa iwo sangagone munthu wamwamuna akuwamvetsera.

Pondiperekeza, azakhali anandikokera pambali pafupi ndi geti, nkhope ili yoopsa ngati akufuna kundipatsa chibalo.

"Mtsikana iwe, nsalu yabuluu ija yatsalako?"

"Pang'ono, Azakhali."

"Undisokereko la bambo a kunyumba kwanga. Zinazo usaikepo, angandimange. Liwu limodzi lokhalo, SAMBANI, koma zilembo zikhale zikuluzikulu, maso awo anafooka."

Mpaka lero akandiona amafunsa kuti oda yawo ili pati, ine ndimangoseka n'kuyang'ana pansi. Kusoka sindinasiye, koma ndinalumbira ndili pageti pomwepo kuti nsalu yokhala ndi chilembo, ngakhale chimodzi, singano yanga sidzaiboolanso. Maluwa okhaokha basi, ndipo nalonso duwalo ndimayamba ndalitembenuza uku ndi uku, kuti nditsimikize kuti silikundimva.